Mutu Wometedwa Theka

Lolemba, 3 Juni

Kope ili wandipatsa ndi mwana wanga wamkazi, mphunzitsi, kuti ndizilembamo kugunda kwa mtima wanga monga alamulira a Dokotala: chogona ndi choimirira, m'mawa ndi madzulo. Ndamuuza kuti ine ndine wometa, manambala amene ndimawadziwa ndi a mano a makina basi. Iye akuti, "Ndiye muzilembamonso nkhani zanu zija, Bambo, poti muno mulibe munthu woti mumugwire mutu kuti akumvereni." Pakamwa mwana ameneyu anatengera mayi ake.

Chogona 66. Choimirira 104. Ndaima mphindi zinayi, m'maso mwayamba mdima, ndakhala pansi.

Ndili muno kuyambira Loweruka. Ndinali pakati pometa munthu, makina ali m'manja, pamene chifuwa chinangotseka ngati wina wandimanga lamba. Ndinatsamira mpando, kenako ndinapezeka ndili pansi, tsitsi la anthu lili m'kamwa. Anandinyamula ndi atelala a khomo loyandikana ndi shopu yanga. Kasitomala uja anapita kwawo ndi mutu wometedwa mbali imodzi. Zaka makumi atatu ndi zinayi pa ntchitoyi sindinachitepo zoterozo, ndipo zikundiwawa kuposa singano ili pamkonoyi.

Bedi langa ndi lachitatu kuchokera pakhomo, pafupi ndi windo loyang'ana kumene amayanika nsalu za m'wodi. Kumanja kwanga kuli a Dalaivala, amene anayendetsa malole moyo wawo wonse, pano shuga wawadula chala cha kuphazi. Atangomva ntchito yanga anandipatsa dzina loti a Babashopu, wodi yonse yalitola. Tsitsi lawo ngati anawameta ndi mbuzi yanjala. Ndikayang'ana mbali imeneyo zala zimandiyabwa.

Lachiwiri, 4 Juni

Chogona 64. Choimirira 101. Anandiuziritsa mpweya m'kachitoliro katatu, anandimata timawaya pachifuwa, anatenga magazi timabotolo tiwiri.

A Dokotala ndi mayi wochepa thupi, wolankhula motsitsa, moti ukamawamvera umasiya kutafuna. Lero anakoka mpando n'kukhala pansi. Matenda anga ndinali nditauzidwa kale dzina lake, disotonomiya, zaka ziwiri zapitazo pamene anandiyamba nditadzuka pa malungo aakulu aja, koma palibe anali atandifotokozera ngati munthu. Iwo akuti m'thupi muli mitsempha ina imene imagwira ntchito osaituma. Ukaimirira, imafinya njira za magazi m'miyendo kuti magazi akwere kumutu. Yanga imachedwa, magazi amatsalira pansi, ndiye mtima umayamba kuthamanga kuti ulipire mlandu wa ena.

Ndinati, "Ndiye kuti m'thupi mwangamu antchito alipo koma kapitawo palibe."

Anaseka, akuti ndi momwemo. Ine sindinaseke kwambiri, pakuti kunyumba kwanganso kapitawo kulibe.

Mankhwala amene ndakhala ndikumwa chaka ndi miyezi iwiri, pulopulanolo, akuti ndi a gulu la mabita buloka, mabuleki a mtima. Vuto lake sagwira mtima wokha, amafinyanso njira za mpweya m'mapapo. Anandifunsa ngati ndinadwalapo mphumu. Ndinati ndili mwana, koma inatha yokha. Akuti bwanji simunanene? Ndinati palibe anandifunsa, ndipo munthu sungayambe kuuza dokotala za chifuwa cha zaka makumi asanu zapitazo ngati ukusimba za nkhondo.

Andisinthira ku atenolo, wa gulu lomwelo koma wosankha mtima kwambiri. Akale aja sasiyidwa mwadzidzidzi, mtima ungalumphe, ndiye achepetsa masiku awiri kenako atsopanowo alowe Lachisanu. Ndikapanda kusintha, akuti tsiku lina chifuwa chidzatseka osatsegukanso. Ndikasintha ndipo zikayenda bwino, ndibwerera kuseri kwa mpando wanga.

Atanyamuka anafunsanso. "Manja amazizira?"

Ndinati eya.

"Nanga maloto? Pulopulanolo amakwera mpaka kumutu, anthu ena amalota zinthu zooneka ngati zenizeni. Atsopanowa sakwera kwenikweni, muzigona bwino."

Ndinati ine sindilota. Ndinanama.

Lachitatu, 5 Juni

Ndinkamwa mamiligalamu 20 katatu patsiku. Lero kawiri. Mawa 10 kawiri. Chogona 72, choimirira 118.

Ndilembe za bodza ladzulo, poti kope silibweza mawu.

Wometa sadzimeta kunkhongo. Kutsogolo galasi limakuthandiza, koma kumbuyo pamafunika munthu. Ine munthu wanga anali mkazi wanga. Ndinkawatchula Akapitawo chifukwa pakhomo pathu ngakhale mphaka ankadziwa nthawi yake yodyera. Lamulungu lililonse lachiwiri, tikadya masana, ankatulutsa mpando wachitsulo pakhonde la kuseri, n'kundikulunga katani yakale yamaluwa achikasu, n'kutenga sizasi ndi chipeso. Makina ankawakana, amati amalira ngati mavu. Ankameta pang'onopang'ono akundiwerengera zolakwa zanga za masabata awiri, chimodzichimodzi, ine mutu uli pansi, osatha kuyankha pakuti sizasi ili pakhutu. Khoti lawo linali limenelo, ndipo sindinapambanepo mlandu. Mwana wathu ali wamng'ono ndiye ankagwira galasi, akulipendeketsa dala kuti ndizione nkhuku m'malo mwa mutu wanga.

Akamaliza ankandiuzira mpweya pakhosi kuchotsa titsitsi, n'kundigogoda pamutu ndi chipeso kawiri, n'kuitana monga ndimaitanira ine kushopu: "Wotsatira!" Pakhondepo popanda munthu aliyense pamzere. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndinkaseka nthawi iliyonse ngati ndayamba kumva.

Zaka zitatu zapitazo, Lamulungu lina, anameta mbali ya kumanja, atafika pakati pa nkhongo anaima. Anati, "Mutu ukundiwawa, bambo. Ndimaliza mawa." Anaika sizasi pawindo n'kukagona. Lachitatu anatisiya. Achipatala anati mtsempha unaphulika m'mutu. Ndinawaperekeza nditavala kapusi, ndipo ndi kapusi yomweyi imene a Sisita akulimbana nane kuti ndizivula pogona. Chiyambireni palibe wandigwira mutu. Ndimadzidula ndekha kumbuyoku mongopapasa, zili bwanji zili bwanji, kapusi imabisa.

Nditayamba kumwa pulopulanolo, sabata isanathe Akapitawo anabwera. Amabwera kawiri kapena katatu pa sabata. Mpando womwe uja, katani yomwe ija, fungo la sopo wawo, kuzizira kwa sizasi pakhutu. Amandikalipira za nsapato zimene ndasiya pakhomo. Amameta kumanja, amafika pakati pa nkhongo, ine n'kudzidzimuka. Sanamalizepo. Chaka ndi miyezi iwiri ndakhala ndikupita kokagona ngati munthu wopita kukadikira basi, ndikuti mwina lero amaliza, ndimve mawu aja kamodzi kokha. Ndinkayesa ndi chifundo cha Mulungu. Dzulo ndamva kuti ndi piritsi.

Ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachinayi, 6 Juni

Chogona 84. Choimirira 136, mphindi ziwiri basi. Mtima ukuthamanga ngati wakuba amene amuona pamsika. Thukuta, manja kunjenjemera. A Dokotala anali atandichenjeza kuti lero likhala tsiku loipa.

A Dalaivala akuti, "Musadandaule a Babashopu, muli pa nyutulo. Posintha giya injini imayamba yalira kaye." Munthu ameneyu chilichonse ndi lole. Ngakhale mkazi wake akabwera kudzamuona amati kwabwera apolisi a pamsewu.

A Sisita a wodi yathu ndi mayi wamtali, wotchi yake amaipachika pachifuwa, aliyense amamutchula kuti "bambo anga". Andibweretsera jagi ya madzi yoti ndimalize katatu patsiku ndi kambale ka mchere. Mchere! Akapitawo ankaubisa pamwamba pa kabati kuopa kuti ndidzadwala BP, ine n'kumakwera pampando iwo akatuluka. Lero boma la chipatala likundikakamiza kudya mchere, wondiletsa palibe, ndipo suukoma.

Andivekanso masokosi othina ofika m'ntchafu kuti magazi asamatsalire pansi. Anthu awiri kulimbana ndi mwendo umodzi. A Dalaivala aimba mluzu, akuti miyendo ya mkwatibwi.

Lachisanu, 7 Juni

Akapitawo anabwera usiku. Anandikalipira za babu la kubafa limene sindinasinthe. Anafika pomwe paja.

Nthawi ya 8 m'mawa, atenolo mamiligalamu 25, kamodzi patsiku. Kapiritsi koyera, kakang'ono. Ndinakayang'ana pachikhatho nthawi yaitali mpaka a Sisita anati, "Sikaluma, bambo anga." Ndinameza.

Madzulo chogona 74, choimirira 119.

Loweruka, 8 Juni

Chogona 70. Choimirira 110, mphindi zisanu.

Chilungamo ndichinene: chifuwa chatseguka. Ndakoka mpweya mpaka wafika pansi penipeni, ndinali nditaiwala kuti kumeneko kuli malo. Kamluzu kamene kankalira m'chifuwa ndikamapuma katha. Manja afunda.

Ndagona ngati mwala. Palibe anabwera.

Lamulungu, 9 Juni

Chogona 68. Choimirira 103, mphindi zisanu ndi imodzi. Palibe anabwera.

Lamulungu m'chipatala ndi lalitali. Madokotala sazungulira, alendo amadzaza, aliyense ndi kadengu kake. Mwana wanga anabwera ndi mpunga wa nyemba, malalanje ndi tiyi m'fulasiki. Anabweretsanso chikwama changa cha zida kuchokera kushopu, monga ndinamutuma. Ndinamuuza kuti ndikufuna kuthira mafuta makina asachite dzimbiri. Theka lake linali loona.

Akuti atelala apereka moni, ndiponso akuti kasitomala uja wagula chipewa. Wakana kupita kwa wometa wina, akuti amene anayamba ndiye amalize. Ndinaseka koma m'maso munandiwawa.

Tikudya anandiyang'ana kumbuyo, n'kunena kuti, "Bambo, vulani kapusiyo ndikukonzeni. Kumbuyoku kuli ngati munda wolimidwa ndi anthu okangana."

Ndinati, "Usandikhudze mutu."

Ndinanena mokweza kuposa mmene ndinafunira. Anthu a bedi la kutsidya anatembenuka. Iye anangotolera mbale zake bwinobwino, n'kupukuta patebulo pamene panali poyera kale. Mayi ake akakwiya ankateronso.

Atapita ndinatsegula kathumba ka m'mbali mwa chikwama. Mapiritsi akale amene ndinkasunga kushopu a masana ali momwemo. Asanu ndi atatu. Sindinawataye, ndipo sindinauze munthu.

Lolemba, 10 Juni

Chogona 66. Choimirira 98, mphindi zisanu ndi ziwiri. A Dokotala akondwa, akuti zikapitirira chonchi Lachinayi ndituluka. Ophunzira awo anayi anandizungulira akulemba. Mmodzi anametedwa mzere wokhota pamphumi, ndinafuna kumufunsa anamulakwira chiyani wometa wake.

Aliyense akukondwera ndi ine kupatula ine. Masiku atatu palibe. Masana ndinatseka maso kuyesa kukumbukira mawu a Akapitawo, mmene ankakokera "wo" uja, koma ndikungomva mawu anga ndikuwayeserera. Nkhope ndili nayo pachithunzi. Mawu ndilibe pena paliponse, anali kumeneko kokha. Akapita apita kachiwiri, ndipo ulendo uno ndine ndameza chowathamangitsa.

Kamodzi kokha. Amalize, basi, ndisiya.

Alendo atatuluka ndamwa awiri. Ndikudziwa chimene ndachita.

Lachiwiri, 11 Juni

Sanabwere. Ndalota ndikufunafuna chipeso pansi pa mipando ya basi.

Chogona 54. A Sisita anawerenga kawiri, anati chatsika pang'ono koma ndimwe atenolo wanga, aonanso masana. Kamluzu kayambiranso m'chifuwa, ndikutsokomola kuti asamve.

Mwina awiri anachepa. Ndipo nthawi yawo inali masana tikadya. Ndiyesa atatu.

Lachitatu, 12 Juni

Ndili moyo. Cholembera chikulemera.

Lachinayi, 13 Juni

Ndilembe mmene zinayendera. Lachiwiri nditadya ndinamwa atatu aja n'kufunda. Tulo sitinabwere, chimene chinabwera ndi kuzizira, kuyambira kumapazi. Ndinadzuka kuti ndipite kuchimbudzi, ndinayenda mapazi anayi. Zotsatira ndauzidwa ndi a Dalaivala, amene anakuwa mpaka wodi ya amayi inamva. Mtima unali pa 38, BP pansi, chifuwa chitatsekeratu. Anandibaya jakisoni wodzutsa mtima, diripi, okosijeni, ndi makina a nthunzi otsegula chifuwa maola onse. Atenolo anaimitsa tsiku limodzi. Ndipo m'kukomoka konseko Akapitawo sanaonekeko ngakhale chala. Ndikuwadziwa ine, zopusa sankabwerako.

Dzulo sindinaulule za mapiritsi. A Dokotala anaima kumapazi kwa bedi akutembenuza mapepala, akuti sizikumveka, 25 sangagwetse munthu chonchi. Mwina thupi langa lakana mankhwalawa, apo ayi pali amene analakwitsa muyezo. Lero m'mawa ndinaona akulu a manesi atawaitanira a Sisita kutebulo la pakona, buku la mankhwala lili pakati pawo. Mawu sindinamve, koma ndinaona a Sisita akuloza mzere womwewo katatu. Atabwera kudzandiyeza maso anali ofiira, koma anandigwira dzanja mofatsa ngati masiku onse. "Pepani bambo anga, mwavutika."

Atachoka, a Dalaivala anandiitana motsitsa, opanda nthabwala.

"A Babashopu, ine Lachiwiri ndinakuonani. Ndinkayesa ndi panado. Miseche si ntchito yanga, koma mayi uja akulembedwa lipoti. Mukumumeta mpala wopanda madzi, inu wometa."

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinapempha kuti a Dokotala abwere pamodzi ndi a Sisita. Ndinatulutsa kapepala ka mapiritsi, atatu otsala, n'kuika pabulangete. Kenako a Dokotala anafunsa mawu amodzi, "Chifukwa?"

Ndinavula kapusi. Ndinawauza zonse, za khonde, za sizasi, za bodza la tsiku lija. Ndimakamba nkhani tsiku lonse kushopu, koma iyi inkatuluka ngati ndikukoka minga.

A Dokotala sanakalipe, bola akanakalipa. Anati, "Mabuleki awiri pa mtima umodzi, bambo. Mukanagwera kuchimbudzi chitseko chili chotseka, bwenzi tikukamba zina. Nanenso ndinalakwa, ndinakufunsani za maloto nditaimirira kale." Anatenga mapiritsi aja n'kuika m'thumba la gauni yawo.

A Sisita anangoti, "Mukanafera m'manja mwanga," n'kutuluka. Mpaka madzulo ano sananditchule kuti bambo anga. Akundiyeza, akulemba, akupita. Ndi chilango choyenera.

A Dalaivala akuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndawauza kuti ndamva, asawonjezere.

Atenolo ayambiranso lero, theka. Chogona 62. Sanandilole kuimirira.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinavomera kuti a Dokotala amuuze mwana wanga, poti ine sindikanatha kunenanso kachiwiri. Anabwera molunjika kuchokera kusukulu, choko chili pasiketi. Anakhala pansi, n'kusenda lalanje lonse, n'kuligawa, osadya ngakhale kachidutswa.

"Ndiye mumadikira kuti Mayi anene chiyani, Bambo?"

Ndinati, "Ukudziwa iwe."

"Nenani inu."

"Wotsatira."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino. Akananena, wotsatirayo akanakhala ndani? Pakhonde la kumaloto kwanuko mumakhala anthu angati?"

Mawu amene ndawaitana mwina kakhumi patsiku zaka zonsezi, sindinawamvepo chomwecho.

Anati, "Ine ndinaika mayi anga. Ndinalira, ndinavomera, poti sanasankhe. Koma inu mukufuna mudumphe mzere muli ndi maso, ine nditsale ndikuuza anthu kuti chiyani? Mumayesa mumawasowa nokha? Inu bola mwakhala mukuwaona chaka chonse. Ine sindinawalotepo ngakhale kamodzi, ndipo simunandiuzeko n'komwe kuti akuoneka bwanji."

Apo ndiye anandipweteka, ndipo anali ndi ufulu. Ndinalira pamaso pa mwana wanga ndi wodi yonse. A Dalaivala anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuchita mkonono wabodza.

Titakhazikika ndinamuuza. Kuti mayi ake amavala diresi yobiriwira ija ya matumba awiri, kuti akadali kudandaula za babu la kubafa. Anaseka misozi ili m'masaya, akuti babu limenelo mpaka lero simunasinthe. Ponyamuka anati, "Sizasi ija munkati inasowa pawindo ili kwa ine. Ndinaitenga Lachitatu lomwe Mayi anatisiya. Sindinena zambiri."

Chogona 64. Choimirira 108, mphindi zinayi, a Sisita atandigwira pachigongono.

Loweruka, 15 Juni

Atenolo wabwerera pa 25. Chogona 65, choimirira 97, mphindi zisanu ndi zitatu. Chifuwa zii.

A Dokotala anakhalanso pampando. Ndinawafunsa ngati Akapitawo adzabwerenso. Akuti sangandilonjeze, anthu amalota akufa awo ngakhale opanda piritsi, koma kawirikawiri ngati kale ayi. Matendawa akuti satheratu, ndi okhala nawo. Kushopu ndigule mpando wautali woti ndizitsamira, botolo la madzi lisamachoke pambali, ndizidzuka pang'onopang'ono, ndipo pakati pa mutu ndi mutu ndizikhala pansi. Lolemba adzandiyesa: ndikaima mphindi khumi mtima osapyola 100, ndipita kwathu.

Ndinati mphindi khumi ndi mutu umodzi, ukakhala wosavuta.

Ndawapepesa a Sisita. Ndinakonza mawu ambiri koma anatuluka ochepa. Anayang'ana wotchi yawo nthawi yaitali kuposa mphindi, kenako anati, "Imwani madzi anu, bambo anga." Ndamaliza jagi yonse.

Lamulungu, 16 Juni

Palibe anabwera. Ndadzuka osakwiya, ndangowasowa basi.

Nditadya masana ndinamuuza mwana wanga kuti ngati chinthu chija wabwera nacho, kuseri kwa wodi kuli khonde. Sanafunse kawiri. Anatsegula chikwama chake, munali sizasi, chipeso, ndi katani ija yamaluwa achikasu, yopindidwa bwino. A Sisita anatibwereka mpando wachitsulo. A Dalaivala anati akufuna kuwothera dzuwa, n'kudzikankha pa njinga yawo ya odwala kutitsatira, ngati sitikudziwa kuti akufuna kuonera.

Ndinavula kapusi. Mwana wanga anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Zaka zitatu mukuuza anthu kuti ndinu wometa, muli ndi izi?" Ndinati ameta kapena aweruza? Akuti zonse ziwiri, ndi mmene anaphunzirira.

Anayamba kumanja. Dzanja lake ndi lolemera kuposa la mayi ake, ndipo chipeso amachigwira ngati choko. Anayamba kundiwerengera: bodza kwa a Dokotala, mapiritsi m'chikwama, kumukalipira pamaso pa anthu, babu la kubafa. Ine mutu pansi, sizasi pakhutu, mlandu uliwonse ndikuvomera. Atafika pakati pa nkhongo thupi langa lonse linauma. Ndinagwira mpando ndi manja awiri. Iye anaima, ndinamva akupuma kumbuyo kwanga. Kenako sizasi inalira kachiwiri, n'kuwolokera kumanzere.

Mbali imeneyo inatenga nthawi.

Atamaliza anandiuzira mpweya pakhosi. Anandigogoda ndi chipeso kawiri. Ndinadziwa kuti mawu amukanika, ndipo ndinafuna kumuuza kuti asiye, zakwana. Koma anawatulutsa, motsitsa.

"Wotsatira."

Sindinaseke, sindinathe ngakhale kudzutsa mutu. Ndinangomva mateyala akulira pasimenti.

"Ndilipo," anatero a Dalaivala. "Masabata awiri ndili pamzere, shopu yake yotani iyi?"

Mwana wanga anaphulika kuseka. Ine ndinadzuka pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira, ndinakutumula katani, n'kuwakulunga a Dalaivala m'khosi. A Sisita anali ataima pakhomo, sindikudziwa kuyambira liti. Anati izi sizololedwa, kenako anamasula wotchi pachifuwa n'kubwera kudzaima pambali panga. Ndinatenga sizasi ya Akapitawo m'manja mwa mwana wanga, inali yofunda. A Dalaivala anayamba kulamula kuti m'mbali ndichepetse, pamwamba ndisiye. Ndinawagwira mutu n'kuuweramitsa, ndinati muno woyendetsa ndine.

Kapusi ndamupatsa mwana wanga akachape, akaiike kumene akufuna. Wanena kuti Lamulungu la mkuja abwera kunyumba ndi sizasi, ndipeze nditasintha babu. Atelala ndawatumizira uthenga kuti auze munthu wa chipewa uja kuti ndikatsegula shopu woyamba ndi iyeyo.

Chogona 64. Choimirira 94, mphindi khumi ndi ziwiri. Mitu iwiri lero, yonse yamalizidwa mbali zonse.